Iyayi wa Abiti Chande

Taganizani m'mawa wa Lachiwiri pa siteshoni ya Nkaya m'chaka cha 1983. Dzuwa langotuluka kumene, njanji ikadali yozizira, ndipo mbuzi ziwiri zagona pakati pake chifukwa zikudziwa kuti sitima ya sikisi koloko imafika cha m'ma naini. Pa khomo la kamsika paima anyamata awiri a malaya ofiira, ayufi, atagwira chingwe uku ndi uku. Wofuna kulowa akuyamba waonetsa khadi la chipani, kaya ndi wogula, kaya wogulitsa, ngakhale amene akungofuna mthunzi. Mkatimo, pansi pa mtengo wa bwemba, mayi wamfupi wa mpango woyera kumutu akuyala matemba pa chiguduli, timilu tofanana ngati achita kuyeza ndi rula. Dzina lawo la ubwana linali Lukiya, koma kuyambira ku Balaka mpaka ku Nayuchi aliyense ankawadziwa kuti Abiti Chande.

Anabadwira ku Machinga, chakufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene mwana amadziwa fungo la nsomba yabwino asanadziwe kuwerenga zala zake. Kusukulu sanapondeko. Anaphunzira ku madrasa mpaka kudziwa swala zawo, kenaka anakwatiwa ndi Che Kassim, telala wofatsa amene ankaopa njoka ndi mphezi, koma koposa zonse galimoto ya polisi. Njanji ya ku Nayuchi itatsegulidwa, banjalo linasamukira ku Nkaya, pamphambano ya sitima. Che Kassim anaika makina awo osokera pa khonde la sitolo ina, ndipo Abiti Chande anayamba kukwera sitima kawiri pa mwezi kukapikula matemba kwawo. Pa ana asanu amene anabereka, anakula atatu. Chitsiriza chawo, Nafisa, anali mu Sitandade 7 chaka chimenecho, ndipo mayi ake anali atalumbira kuti sadzatseka maso asanamuone atavala yunifolomu ya sekondale.

Kapikulidwe kawo kanali ndi mbiri. Msodzi akavundukula dengu, Abiti Chande ankanunkhiza, n'kupisa dzanja mpaka pansi, n'kutola katemba kamodzi kukathyola pakati. Akatero, nsombazo zikhale zabwino chotani, ankangoti, "Iyayi," n'kutembenuka kumapita. Anthu ankayesa kuti akufuna awatsitsire mtengo, koma sichinali chimenecho. Ankafuna kuona nkhope ya mwini dengu. Wa nsomba zabwino amangoseka, amati, "Kazungulireni mayi, mundipeza pompano." Wa nsomba zonyowa pansi amalusa, amakugwira nsalu, amakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Kwa woseka uja ndi kumene ankabwerera.

"Munthu sumudziwa pomuvomera," ankatero pophunzitsa atsikana oyamba kumene geni. "Yamba wamukana, uone chimene chituluke."

Tsono masiku amenewo mawu akuti iyayi ankasowa m'dziko kuposa mafuta a nyale. Akati gulani khadi, yankho linali eya. Akati Loweruka kulibe msika, amayi nonse kukayeserera magule a pamsonkhano, eya. Akati nyumba iliyonse ipereke mazira a mphatso, ngakhale nyumba yopanda nkhuku inkati eya, n'kupita kukapempha mazirawo kwa achibale. Abiti Chande nawonso ankati eya ngati wina aliyense, pakuti sanali wopusa. Iyayi wawo ankamusungira asodzi okha.

Lachisanu lina m'mwezi wa Juni, akusamba, dzanja lawo linakhudza kanthu kolimba m'bere la kumanzere, kukula kwake ngati nthanga ya bwemba. Sikankapweteka. Koma dzanja lozolowera kupisa pansi pa dengu silinamizika, ndipo patatha mwezi linawauza kuti kanthuko kakula. Ku chipatala cha ku Balaka anawalembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anadulako kachidutswa kukayeza, ndipo patapita milungu itatu anawaitanira m'kachipinda, iwo ndi amuna awo.

M'kachipindamo munali Dokotala Ambrose, bambo wamtali amene anakhalitsa kunja pa maphunziro moti Chichewa chawo chinkafuna womasulira. Munalinso Sisitala Matilda, amene ankamasulira Chichewacho m'Chichewa.

"Mayi, chotupachi ndi khansa," anatero Sisitala Matilda. "Mukachisiya chidzakula, chidzaphulika chilonda, chidzalowa thupi lonse. Adokotala akuti choyamba ndi opaleshoni, kuchotsa bere lonselo pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Malo alipo pakatha masiku khumi."

"Chachiwiri?" anafunsa Abiti Chande, ngati akuitanitsa dengu lina.

"Chachiwiri n'chongoonjezera, opaleshoni itachitika kale. Pali makina owotcha pamalo pamene pachoka chotupapo. Kuno kulibe, ali kunja kwa dziko. Dzina lanu tilitumiza ku ofesi yoona za maulendo amenewa, koma mndandanda wake ndi wautali."

"Wautali bwanji?"

Sisitala anayang'ana adokotala. Adokotala anayang'ana kudenga.

"Ndiye pali kafukufuku," anapitiriza Sisitala Matilda. "Kwabwera timapiritsi tatsopano. Ena akuganiza kuti mayi akamamwa tsiku ndi tsiku pambuyo pa opaleshoni, khansa sibwerera msanga. Tikufuna tidziwe ngati n'zoona. Amayi amene avomera, ena amamwa, ena samwa, koma onse timawayeza miyezi itatu iliyonse kwa zaka zisanu, kenaka tidzafananiza. Ndikuuzirenitu, timapiritsito ena timawatenthetsa thupi, ena timawachititsa nseru."

"Amasankha ndani kuti uyu amwe, uyu asamwe?"

"Palibe. Pali maenvulopu omata, anabwera ali ndi manambala kale. Mukavomera, timatsegula yotsatira pa mzere. Ngakhale adokotalawa sadziwa zimene zili mkatimo."

"Koma mapiritsiwo amathandiza?"

Apa Dokotala Ambrose anayankha okha, osadikira womasulira. "Sindikudziwa, mayi."

Abiti Chande anawayang'anitsitsa. Chibadwire anali asanamvepo munthu wokhala kuseri kwa tebulo la boma akunena kuti sakudziwa.

Sisitala Matilda anatulutsa pepala lokhala ndi chidindo, nayamba kuliwerenga mokweza ngati mphunzitsi. "Muli ndi ufulu wokana. Mukakana, chithandizo chanu sichisintha. Mukavomera, mukhoza kusiya tsiku lililonse osapereka chifukwa."

Che Kassim anadzuka, anasuzumira pa khomo, anatseka zenera.

"Asisitala, chonde tsitsani mawu," ananong'ona. "Ife tili ndi ana."

Nkhani yotere mwamuna saigamula yekha, choncho atabwerera ku Nkaya anaitanitsa atsibweni a Abiti Chande, Che Hassani, mwini mbumba, amene anabwera pa sitima kuchokera ku Machinga. Anakhala pa khonde dzuwa litapendeka. Asanamalize n'kulonjerana komwe, anatulukira a Goliati, tcheyamani wa nthambi ya chipani, kabuku kali m'khwapa. Palibe anawaitana. Koma malinga ndi a Goliati, anthu atatu akakhala pansi ndiye kuti ndi msonkhano, ndipo msonkhano wopanda tcheyamani ndi chiwembu.

Anayamba ndi Che Hassani. "Iwe Lukiya, ichi n'choponyeredwa. Anzako a pamsikawa nsanje. Ku Rivirivi kuli mkulu wina, amatema mphini zitatu, n'kuikapo nyanga, chimatuluka chonse."

"Ndi komwe anapita a Flossie a tomato aja," anayankha Abiti Chande, maso ali pa lichero la matemba amene ankasankha. "Mwezi wawo womaliza ndinkawasambitsa ndine, anjomba. Mphuno yangayi siinaiwale."

Che Hassani anakhosomola, nati mwina a Flossie anachedwa kupita.

"Ine changa ndi mpeniwo, amake Nafisa," anatero Che Kassim. "Ine ndine telala. Nsalu ukaidula siibwerera."

"Nanga malaya onse mwasoka aja, munasoka osadula?"

Che Kassim anayang'ana zala zawo. Pamenepo a Goliati anatsegula kabuku, chizindikiro chakuti zachibwana zatha.

"Mayi, za kunjazo musadandaule. Ndilembera tcheyamani wa eriya, iwo alembera wamkulu wawo, ndege ikutengani. Koma pepala mukunenalo." Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. "Ine ndakhala m'chipani zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Boma likakufunsa kuti ukufuna kapena sukufuna, silikufunsa za mapiritsi ayi. Likufuna lidziwe kuti ndiwe munthu wotani. Umenewo ndi msampha wogwirira oukira. Wodinda chala ndi wathu. Wokana, dzina lake limapita kwina, bedi lake amagonapo wina."

"Ndiye ndivomere, atcheya?"

"Muvomere asanakufunseni n'komwe! Ndipo za maenvulopuzo n'zonamizira anthu osadziwika. Palibe mzere m'dziko muno wopanda khomo la kuseri. Ndikulemberani kalata kuti mukalandire mapiritsiwo. Che Kassim, inu munyamule tambala."

Amuna atatuwo, amene sanagwirizane pa chilichonse masana onse, pa ichi anagwedeza mitu pamodzi.

Abiti Chande anapitiriza kusankha matemba. Za mpeni anali atagamula kale mumtima, tsiku lomwe anakumbukira a Flossie. Kafukufukuyo nayenso anawakopa. Kuyezedwa miyezi itatu iliyonse sikunali kanthu kakang'ono, ndipo ngati timapiritsito tinali tothandiza, tidzathandiza ana a Nafisa. Koma kudzipereka zaka zisanu m'manja mwa anthu amene sunaonepo nkhope yawo atakanidwa, kumeneko kunali kugula dengu lovundikira. Ngati a Goliati ankanena zoona, ndiye kuti pepala lija linali bodza, ndipo onama pa pepala akhoza kunamanso pa mapiritsi. Njira yodziwira inali imodzi yokha, yomwe ankaidziwa bwino. Vuto linali lakuti msodzi akalusa umangotaya dengu, pamene awa akalusa ubwerera kwanu ndi chotupa chako.

Anawagoneka m'chipatala Lachitatu. Chakumadzulo Sisitala Matilda anabwera ndi pepala lija ndi kabokosi ka inki yodindira chala. Che Kassim anaima pambali pa bedi, kalata ya a Goliati ili m'thumba. Tambala anali atamusiya womanga miyendo ku khitchini ya magadiyani, kumene odikirira odwala amaphikira.

"Mayi, mwaganiza bwanji za kafukufuku uja?"

Mtima wa Abiti Chande unkagunda ngati sitima pa mlatho wa ku Liwonde.

"Iyayi."

Ndipo anayang'ana nkhope ya Sisitala, monga ankayang'anira asodzi.

Sisitala Matilda anatseka kabokosi ka inki. "Chabwino. Mukasintha maganizo, mwayi ulipo mpaka milungu isanu ndi umodzi opaleshoni itachitika. Mawa ndinu wachiwiri kulowa. Mukadya chakudya chamadzulochi, basi, musadyenso kanthu." Anawakonzera pilo, napita ku bedi lotsatira.

Che Kassim anakhala pansi pa simenti pomwepo.

"La ilaha illallah! Amake Nafisa, mwatipha. Awa si asodzi awa!"

"Aliyense ali ndi dengu lake, bambo. Tiona mawa."

M'mawa cha m'ma eyiti anabwera kudzatenga mayi woyamba. Cha m'ma teni anamubweza ali mtulo, atamumanga bandeji pachifuwa. Abiti Chande anakhala tsonga, anamanga bwino mpango, nadikira. Sikunabwere munthu. Leveni koloko inakwana. Dzuwa linafika paliwombo, ngolo ya chakudya inadutsa, osaima pa bedi lawo. Posakhalitsa analowa Che Kassim, nkhope itatuwa ngati apakidwa phulusa.

"Yabwera," anatero. "Galimoto ya polisi ili pa geti."

Sanadikire yankho. Anathamangira ku khitchini ya magadiyani, ananyamula tambala wawo, nakabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni.

Abiti Chande anagona chagada, maso kudenga. Anapisa dzanja m'malaya a chipatala, nakhudza chotupa chija. Chinalipo, cholimba, chosasamala za munthu. Anaganiza za Nafisa ndi yunifolomu ija. Anaganiza za a Flossie. Kawiri konse anatsegula pakamwa kuti aitane namwino, amuuze kuti dzulo lilime linaterereka, abweretse inki. Kawiri konse anatsekanso. Anadziuza kuti adikira mpaka nthawi ya swala ya masana itadutsa. Achipatala akapanda kudzawatenga, ndiye kuti a Goliati amadziwa dziko, ndipo iwo adziphera okha ndi nzeru za pa doko.

Itangokwana thuu koloko, Sisitala Matilda analowa akukankha bedi la mateyala, thukuta lili kamukamu.

"Pepani mayi. Lole inagubuduzika pa msewu wa ku Lirangwe, apolisi anabweretsa ovulala asanu, adokotala anayamba ndi iwo. Tiyeni tsopano, njala yakupwetekani."

Atatsitsimuka, mbali ya kumanzere inkayaka moto. Masiku asanu ndi anayi amene anakhala m'chipatalamo, ngakhale ali mu ululu, sanasiye kupisa dzanja pansi pa dengu. Pa bedi loyandikana panali mayi amene anadinda chala, ndipo Abiti Chande ankafananiza chilichonse. Phala linali chipande chimodzi uku, chimodzi uko. Bala ankawatsuka nthawi imodzi. Namwino wolusa ankalusira onse mofanana.

Tsiku lochotsa bandeji anayang'ana pamene panali bere loyamwitsa ana asanu. Panali see, mzere wautali wofiira. Misozi inatsika yokha, ndipo sanailetse. Che Kassim anavala magalasi awo osokera, anawerama, nayang'ana nthawi yaitali.

"Amene wasoka apa amadziwa ntchito," anatero potsiriza. "Mzere wowongoka, palibe pokwinyika."

Atafika kunyumba, anawasokera kapilo ka thonje koika m'kamisolo. Koyamba kanakula, kachiwiri kanachepa, kachitatu kanakwana.

A Goliati anabwera tsiku lachiwiri kudzazonda wodwala, kabuku kali m'khwapa.

"Alhamdulillah, monga munenera inu. Mwabwerako. Chala munadinda?"

Che Kassim anayamba kuyang'ana nkhuku za pabwalo.

"Ndinakana, atcheya," anatero Abiti Chande.

Kabuku kanagwa pansi. "Mayi! Mu nthambi yanga? Pa ngodya zinayi za chipani, kumvera mwakuika pati?"

"Ndamvera, atcheya. Pepalalo ndi la boma, chidindo ndinachiona ndi maso anga. Linati ndikhoza kukana. Ndikanati sindingakane, si ndikanatsutsa boma?"

A Goliati anatola kabuku, anatsegula, analemba deti, cholembera n'kuima. Kukanena mayiyu kunali kukanena pepala la boma. Kusamunena kunali kubisa munthu wonena kuti iyayi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'chipani sizinawakonzekeretse mlandu wotere. Anatseka kabuku, anatsazika, ndipo milungu itatu yotsatira ankadzera njira ya kuseri kwa chigayo kuti asaoneke pafupi ndi nyumbayo tsiku lobwera galimoto ya polisi. Che Kassim nawo anamanga kamtolo ka bulangete ndi mswachi, n'kumakasunga pansi pa makina osokera. Galimoto iliyonse ikalira, phazi linkaima pa chopondera. Koma zimene zinabwera ku Nkaya mwezi umenewo zinali malole odzatenga thonje basi.

Mlungu wachinayi anabwerera ku Blantyre kukaonetsa bala. Che Kassim ananyamulanso kalata ija ndi tambala yemwe uja, amene tsopano anali atakwera sitima kuposa anthu ambiri a ku Nkaya. Ali pa benchi panja pa kachipinda kaja, chitseko chinatseguka mwaphokoso. Anatuluka mayi wa wigi ndi wotchi yagolide, dalaivala akumunyamulira chikwama.

"Ine osamwa mapiritsi?" ankakuwa. "Mukudziwa kuti amuna anga ndi ndani? Tsegulani envulopu ina!"

"Ina ndi ya munthu wina, madamu," anayankha Sisitala Matilda ali pa khomo. "Abiti Chande, lowani."

Dokotala Ambrose anaona bala, anati lapola bwino. Abiti Chande anakonza nsalu yawo, nafunsa, "Pepala lija likadalipo?"

"Lilipo," anatero Sisitala.

"Bweretsani inki."

Adokotala anakweza maso. "Chasintha n'chiyani, mayi?"

"Ndinakukanani, simunakwiye. Ndiye kuti pansi pa dengu lanu sipanyowa."

Ulendo uno amene anafuna womasulira anali adokotala. Sisitala Matilda atawafotokozera m'Chingerezi, bambo wamtaliyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Sisitala anawerenganso pepala lonse kuyambira pamwamba, ndipo Che Kassim, ngakhale anayang'ana zenera, sanalitseke. Chala chitadindidwa, Che Kassim anatulutsa kalata ya a Goliati ndi manja awiri, kenaka anavundukula tambala m'chikwama. Adokotala anawerenga kalatayo, anati yalembedwa bwino, nawabwezera.

"Nanga uyu?" anafunsa Che Kassim.

"Envulopu sidya nkhuku, bambo," anatero Sisitala Matilda.

Anatenga envulopu yotsatira pa mzere, anawaonetsa kuti ndi yomata, naing'amba iwo akuona. "Mayi, inu simumwa mapiritsi. Muzibwera kudzayezedwa miyezi itatu iliyonse."

Abiti Chande anayang'ana envulopu yong'ambidwa ija. Pamenepo ndi pamene anazindikira kuti timapiritsito ankatifuna kwambiri kuposa momwe ankadziuzira. Pobwerera, sitima itadutsa Lunzu, amuna awo anaiyamba nkhani.

"Chilango chija ndi chimenechi," anatero Che Kassim, tambala ali pamiyendo. "Iyayi wanu uja sanamuiwale."

"Nanga mayi a wotchi aja anakana chiyani?"

Che Kassim anasisita tambala uja.

"Chibadwire," anatero Abiti Chande pang'onopang'ono, "lero ndi tsiku loyamba kulandira zofanana ndi mkazi wa bwana."

"Ndiye siyani. Pepala linati mukhoza kusiya. Muziyenda ulendo wonsewu popanda n'piritsi lomwe?"

"Osamwa tonse tikathawa, omwawo adzawafananiza ndi ndani?"

Tambala uja anaphedwa Lachisanu lotsatira pa chakudya chothokozera Mulungu. Che Hassani anabwera, anadya, nati mwina achipatala nawonso amadziwako zina. A Goliati, ataona kuti galimoto siibweradi, anatulukira, anasankha ntchafu, ndipo anauza aliyense kuti kalata yawo ndi imene inapulumutsa mayiwa ku mapiritsi a nseru.

Bala litauma, Abiti Chande anabwerera pansi pa mtengo wa bwemba. Dengu ankanyamulira dzanja la kumanja, popeza lakumanzere linkatupa likalemedwa. Nkhani yawo inayenda ndi sitima. Amayi a ku Namanja, a ku Nayuchi, a kwa Nsamala, ankawakokera kuseri kwa matumba a nsomba n'kuwanong'oneza kuti nawonso amva kanthu kolimba. Iwo sankayesa kukhala dokotala. Ankangowauza tsiku la ulendo wawo wokayezedwa, kuti akwere limodzi. Zotupa zambiri zinkapezeka kuti si khansa. Amene inawapeza ankalandira malangizo afupi m'sitimamo: "Mpeni musaukane, mayi. Pepala ndiye muyambe mwalikana, muone nokha." Dokotala Ambrose anadabwa nthawi yaitali kuti n'chifukwa chiyani amayi a m'mbali mwa njanji ya ku Nayuchi onse ankakana tsiku loyamba. Awiri anabwera kudzadinda pambuyo pake. Awiri ena anakaniratu, ndipo anachitidwa opaleshoni ngati anzawo.

Chaka chachitatu, pa ulendo wina wokayezedwa, adokotala anapeza kotupa kakang'ono ngati njere ya mapira m'mbali mwa chipsera. Anakachotsa mlungu womwewo, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kuwapatsa timapiritsi tija. Tinawachititsadi nseru. Nafisa anali ali kale ku sekondale, ndipo yunifolomu yake anasoka ndi bambo ake. Kalata ya ku ofesi ya maulendo a kunja inafika mu 1988, yowadziwitsa kuti dzina lawo likuganiziridwa. A Goliati anaiwerenga pamsonkhano wa nthambi, anthu n'kuwomba m'manja.

Abiti Chande anagulitsa matemba ku Nkaya mpaka 1992, chaka chimene matendawa anabwerera n'kuwatenga. M'zaka zisanu za kafukufuku uja anaitanidwa maulendo makumi awiri, ndipo sanaphonyepo ngakhale umodzi. Amayi amene anawaperekeza ku chipatala chotupa chikadali chaching'ono anakwana khumi ndi mmodzi.